Maliro a Amayi pa Kapinga wa Eni Ake

Chaka cha mliri ndinachithera kuseri kwa geti ya nyumba ina ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai. Ndikamati kuseri kwa geti sindikukokomeza. Sabata yomwe anatseka sukulu, madamu anandiitanira kukhitchini n'kundiuza kuti za ofu yanga ya Lachisanu, tsiku langa lopuma, tiyambe taziika pambali mpaka matendawa atadutsa. Ndinavomera msangamsanga, poganiza kuti ndi nkhani ya milungu iwiri kapena itatu. Panatha miyezi khumi ndi umodzi ndisanapite kulikonse, ndipo ulendo wanga wautali kwambiri unali wokataya zinyalala m'bini ya kunja kwa mpanda. Masiku ena ndinkachita dala kugawa zinyalalazo pawiri kuti ndituluke kawiri.

Sindinganene kuti madamu anali munthu woipa, ngakhale nthawi zina ndinkalakalaka atakhala woipa kuti ndipeze womukwiyira bwinobwino. Anali ndi mantha basi. M'chipinda cha pansi munkakhala bambo awo, nkhalamba ya chifuwa chosatha, ndipo madamu anali atatsimikiza mumtima kuti matendawa akadzalowa m'nyumbamo adzalowera mwa ine. Tinkatsuka chilichonse chochokera kunja. Ine mwana wa ku Dedza ndatsukapo nthochi ndi sopo, imodziimodzi, n'kuziyanika pa thaulo ngati makanda. Ntchito yanga yeniyeni inali yolera kamtsikana kawo ka zaka zitatu, koma popeza wantchito mnzanga anabwerera kwawo mliri utangoyamba, tsache, simbi ndi mapoto zonse zinagwera ine.

Panali chinthu chimodzi chomwe madamu sankachidziwa. Mumzinda womwewo munali mng'ono wanga wondiponda pamutu. Ankagwira ntchito ku Discovery Gardens, kwa banja lina la anamwino, ndipo iye ofu yake ankapatsidwa. Tisananyamuke ku Lilongwe, mayi yemwe anatipezera ntchito anatikhazika pansi n'kutilangiza kuti akakatifunsa ngati tili ndi m'bale kunoko tikakane, chifukwa mabwana amati wantchito wokhala ndi abale sachedwa kuthawa. Tsiku langa loyamba madamu anafunsadi, ine n'kukana osaphethira. Mliri usanabwere bodzali silinkandivuta. Lachisanu ndinkati ndikupita kutchalitchi, ndipo ndinkapitadi, kungoti pabenchi pambali panga pankakhala iyeyo. Pofika chaka cha matendawa bodzalo linali litamera mizu moti kulizula kukanagwetsa ndi ntchito yomwe.

Mng'ono wangayo ndi munthu wosachita zinthu mwatheka. Ali mwana, ukamutuma kukatunga madzi ndowa imodzi ankadzaza mtsuko wonse, ndipo ukamulakwira ankatha sabata osakuyankhula koma akukuchapirabe zovala. Ine ndine wa nzeru zodulira njira. Amayi ankatidziwa tonse awiri, ndipo ankati wamkulu ndi wochenjera koma wamng'ono ndi wokhulupirika. Ndinkayesa kuti andiyamikira.

Amayi anamwalira chimanga chikumasula kwathu. Amalume anaimba foni m'mawa, ine ndikusita malaya a abwana aamuna. Anati amayiwo anayamba kubanika Lolemba, Lachitatu n'kutsirizika, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo ndi anthu ovala mapulasitiki oyera, abale ataima patali. Panalibe kugona pasiwa, panalibe nyimbo za amayi a kutchalitchi. Ndinazimitsa simbi, ndinapinda malayawo bwinobwino, kenako ndinakauza madamu. Anandipepesa ndi mtima wonse ataima pakhomo la khitchini, anandiphikira tiyi ndi manja awo, n'kundiuza kuti ndikapume mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Maliro a amayi anga anapatsidwa maola asanu.

Misozi inatuluka, inde, koma kumeneko sikulira maliro. Kwathu abale akakumana koyamba pambuyo pa zovuta sapatsana moni. Wobwerayo amavula nsapato, amamanga chitenje, amakhala pansi pafupi ndi mnzake, n'kulira limodzi mpaka mawu atasasa. Akatha m'pamene wina amafunsa kuti mwayenda bwanji. Ine ndinali ndisanakhale pansi ndi munthu. Pa foni ine ndi mng'ono wanga tinkangotumizirana timauthenga tatifupi, takuti wadya kodi, takuti limba mtima, chifukwa aliyense ankaopa kuti akayamba kulira mnzake asowa womugwira. Ndinkayenda m'nyumbamo ngati ndameza mwala, ndipo ndinkapsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Tsiku lina ndinakalipira ketulo chifukwa chochedwa kuwira.

Patapita milungu isanu madamu anabwera ndi nkhani. Anati nyumba ina yakale ya kufupi ndi doko, ya munthu wolemera yemwe ankagulitsa ngale makedzana, aitsegulanso kwa alendo. Amalowetsa anthu ochepaochepa, gulu lililonse ndi nthawi yake, ndipo kuli munda waukulu wopita mphepo. Mwanayo anali atayamba kucheza ndi makatani chifukwa chosowa anzake, choncho madamu anaganiza zopita naye Lachisanu lotsatira. Ine ndikanyamula chikwama ndi kuyang'anira mwana. Anandiwerengera malamulo pa zala: masiki awiri, osakhudza khoma, osayandikira munthu, osalankhula ndi munthu.

Ndinatumiza uthenga kwa mng'ono wanga ndili m'chipinda chochapira, makina akuzungulira. Ndinamuuza malo ndi nthawi. Ndinati ubwere tidzangoonana ndi maso, patali, ngati anthu osadziwana, ndione kuti uli moyo basi. Anayankha kuti chabwino achemwali. Kenako analembanso kuti malo a gulu lathu adzaza, wapeza a gulu lotsatira, lolowa patapita mphindi khumi ndi zisanu. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo. Sindinaganize n'komwe kuti ndikuitana mwana wamasiye kudzaona mkulu wake koyamba chimwalirireni mayi ake, n'kumuuza kuti adzangoyang'ana.

Lachisanulo ndinasita diresi langa la kutchalitchi, koma madamu anati ndivale yunifolomu chifukwa siivuta kuwiritsa tikabwerako. Nsapato zanga zotulukira zinali zitauma m'kabati ndipo zinandiluma kuyambira pageti. Ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, pambali pa mpando wa mwana, maso ali pawindo ngati mbuzi yopita kumsika. Mzinda unalipobe, ndipo zimenezo zinandiwawa. Anthu ankayenda m'misewu, ena atanyamula majumbo, ena akuthamangira basi, onse ndi masiki awo, koma akuyenda. Ine ndinkadzitonthoza miyezi yonseyo poganiza kuti dziko lonse latsekeredwa ngati ine.

Pakhomo la nyumba yakaleyo panali mlonda wamtali wa yunifolomu ya buluu, akuloza anthu pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Mwanayo atayamba kuvuta ndinamunong'oneza m'chinenero chathu, monga ndinkachitira masiku onse, kuti khala phee iwe. Mlondayo anakweza nsidze.

"Muli bwanji ba sisi?" anatero motsitsa, kalankhulidwe kake ka ku Lusaka.

Madamu anali patsogolo panga sitepe imodzi. Ndinangophethira n'kudutsa. Anali munthu woyamba kundipatsa moni wa kwathu maso ndi maso pafupifupi chaka chathunthu, ndipo ndinamuyankha ndi zikope.

Nyumbayo inali yaikulu zedi, ya makoma ochindikala omangidwa ndi miyala ya m'nyanja, zitseko zake zamatabwa zogoba maluwa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ena ankati taonani kukongola, ine ndinkadzifunsa kuti ankazipukuta ndani, chifukwa maso a wantchito amayamba aona timipata tolowa fumbi. Pansi anali atamata mivi yachikasu yolozera njira imodzi yokha, ndi timabwalo tosonyeza poima munthu aliyense. Wotionetsa malo anali mtsikana wovala masiki ndi chigalasi cha pulasitiki kumaso, ndipo chinthu choyamba chomwe anatiuza n'chakuti kubwerera m'mbuyo n'koletsedwa. Chipinda ukachidutsa wachidutsa.

Anationetsa chipinda chachikulu chomwe mwini nyumba ankalandiriramo amalonda anzake, chokhala ndi makapeti, mapilo m'mbali mwa khoma, ndi timasikelo toyezera ngale. Anatiimika mmodzimmodzi pansi pa nsanja yotseguka pamwamba, yomwe inkakola mphepo n'kuitsitsira m'nyumba kusanabwere magetsi. Kamphepo kake kanandikhudza m'khosi, kozizira bwino, ndipo ndikanakonda kuimapo nthawi yaitali, koma wa m'mbuyo mwanga ankadikira kabwalo kanga. Pafupi ndi khitchini panali kachipinda ka antchito. Anaikamo chidole cha mayi wakuda atagwada pa mphero, ndi mphasa yokulunga pakona. Anthu anajambula n'kudutsa. Ine ndinakayeza ndi maso. Kanaposa kanga ndi phazi limodzi, ndipo chitseko chake chinkatsegukira pabwalo pomwe panali mtengo. Changa chinkatsegukira pa makina ochapira.

Kenako tinakwera masitepe kupita mbali ya amayi. Zipinda zake zinali zokongola kuposa zonse, mabedi aatali okwera ndi kamakwerero, mabokosi a zovala okhomedwa misomali yonyezimira. Koma panalibe windo ngakhale limodzi loyang'ana kumsewu. Kunja kwa zipindazo kunali khonde lotchingidwa ndi matabwa obooledwa timabowo, ndipo mtsikanayo anati akazi a m'nyumbamo ankasuzumira pamenepo kuona alendo olowa pabwalo, iwo osaonedwa.

"Tangoganiza kukhala moyo wotere," anatero madamu m'Chingerezi, akupukusa mutu. "Osatuluka, chaka ndi chaka."

"Zovuta, madamu," ndinayankha.

Ndinasendeza diso pa kabowo kamodzi, mosamala kuti mphumi isakhudze thabwa. Pansi, gulu lotsatira linali likulowa pabwalo. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe asanatembenuke n'komwe, chifukwa amaponda ngati amayi, phazi lakumanzere likuloza kunja. Anali ataonda. Kumutu anamanga duku wakuda, ndipo pamkono anali atakoleka chitenje chopinda.

Munthu sakwera sitima ya ku Dubai ndi chitenje pamkono kuti akaone zitseko zogoba. Ndinadziwa chomwe wadzera. Ankayang'ana uku ndi uku, m'makonde, m'makomo, kundifunafuna, ndipo ine ndinali pamwamba pake penipeni, ndikumuona bwinobwino, iye osandiona. Foni yanga inali pansi pa chikwama, kunsi kwa matewera ndi mabotolo a sanitaiza. Ndisanapise dzanja, madamu anandipatsira yawo, ataipukuta, kuti ndiwajambule ndi mwana pakhondepo. Ndinawajambula kasanu, chifukwa koyamba anatsinzina, kachiwiri mwana anayang'ana kumbali, kwinako sindikumbuka. Pomwe tinkamaliza, mtsikana uja anali akuti yalla, yalla, tiyeni msanga, gulu lina likubwera.

Mivi ija inatitsitsa masitepe ena n'kutitulutsira kumunda. Kunena zoona munda unali wokongola. Mitengo ya kanjedza inaima m'mizere, madzi akuyenda m'tingalande ta miyala kuchokera pamtengo wina kupita pa unzake. Kunali mandimu, maluwa ofiira oyanga pakhoma, ndi kapinga wobiriwira wozunguliridwa ndi chingwe, pakati pake pali chikwangwani choletsa kupondapo. Kunkamveka fungo la dothi lonyowa, longa la kudimba m'mawa.

Miyezi khumi ndi umodzi ndinkapempha Mulungu kuti anditulutse m'nyumba ija. Tsopano nditatuluka ndinayamba kupempha madamu kuti tibwerere. Ndinati dzuwa lakula, mwana atopa. Ndinati anthu ayamba kuchuluka. Madamu, omwe ankaopa ndi mthunzi womwe wa munthu, tsiku limenelo anati ayi, tikhaleko pang'ono, taona mmene akusangalalira. Mwanayo anali atanyonyomala pa kangalande, akuponyamo masamba n'kumawathamangira. Ndinaima pambali pake ndi chikwama paphewa, maso ali pakhomo lotulukira, ndipo ndinadzida. Ndinali nditaitana mwana wa amayi anga kuchokera mbali ina ya mzinda, ndipo tsopano ndinkafunafuna njira yomuthawira.

Anatuluka wachitatu pagulu lake, ndipo anandiona nthawi yomweyo. Ndinapukusa mutu pang'ono, kamodzi, kawiri, ndikuloza madamu ndi maso. Sindikudziwa ngati anaona. Mwina anaona koma thupi linali litayamba kale zake. Anayenda molunjika mpaka pa chingwe cha kapinga, masitepe asanu kuchokera pomwe ndinaima. Anavula nsapato n'kuziika pamodzi. Anafunyulula chitenje n'kumanga m'chiuno pamwamba pa buluku. Anadumpha chingwe, n'kukhala pansi pa kapinga woletsedwayo, miyendo atatambasula, manja ali kumutu. Kumanja kwake anasiya malo a munthu mmodzi.

"Mayi wanga ine," anayamba, motsitsa, mawu akutsamwa m'masiki. "Mayi wanga, mwatisiya ndi yani. Mayi wanga, anakuikani ngati mlendo."

Ndinaluma masiki a mkati ndi mano kuti kulira kusatuluke. Malo aja anali anga. Padziko lonse panalibe munthu wina woyenera kukhalapo.

Alendo enawo sanamve maliro. Anaona munthu akubanika kuseri kwa masiki, mapewa akugwedezeka, ndipo chaka chimenecho zimenezo zinkatanthauza chinthu chimodzi. Anayamba kubwerera cham'mbuyo, makolo akukoka ana awo. Madamu anathamanga kukanyamula mwana, n'kudzaima kumbuyo kwanga ngati kuti ine ndine khoma.

"Akudwala?" anafunsa. Kenako anayang'anitsitsa. "Bwanji akuyang'ana iwe? Ukumudziwa?"

Ndikati inde, ndiye kuti ndinanama tsiku loyamba lija. Ndiye kuti ndapangana ndi munthu wakunja kuseri kwawo, ndipo ndabweretsa mwana wawo pafupi ndi wantchito wa anamwino omwe amaswera m'chipatala cha matenda omwewo. Ndinaona katundu wanga ali kunja kwa geti, ndege zobwerera kwathu zikusowa, ana anga awiri ali kwa amalume akudikira ine. Zonsezo ndinaziganizadi. Koma sindinganamizire kuganiza, chifukwa yankho linatuluka kuganizako kusanathe.

"Ayi madamu, sindikumudziwa."

Ndinanena m'Chingerezi, momveka bwino, chifukwa munthu ukavala masiki awiri umakweza mawu osadziwa. Kulira kuja kunadukiza pang'ono, ngati munthu wapunthwa, kenako kunapitirira.

Mlonda wa pakhomo uja anabwera akuthamanga, kawailesi kake ka m'manja kakulongolola. Anayamba m'Chingerezi, kuti pa kapinga salola, khalas, basi, dzukani. Kenako anamva mawuwo n'kuima. Anazimitsa kawailesi, anavula chipewa, n'kunjuta kunja kwa chingwe.

"Pepani ba sisi," anatero. "Ni ndani wamwalila?"

"Amayi anga."

"Liti?"

"Mwezi watha. Sindinapiteko."

"Pepani maningi. Na ine batate bananisiya chaka chatha, nili kuno." Anaika chipewa pabondo. "Lilani chabe. Nizakamba nabo ba bwana, nizabauza ati simudwala."

Sanadzuke. Anakhala chonjuta, chipewa chili pabondo, mutu ataweramitsa, mwamuna wa dziko lina yemwe sanawaonepo amayi anga. Ine mwana wawo woyamba ndinali chiimire ndi chikwama cha matewera. Manyazi omwe ndinamva pamenepo sindinawamveponso m'moyo mwanga.

"Ukumva zimene akulankhula?" anafunsa madamu kumbuyo kwanga.

"Pang'ono. Zinenero zathu n'zofanana."

"Akuti chiyani?"

"Sakudwala. Akuti mayi ake amwalira kwawo, iye sanapite kumaliro."

Nditacheukira madamu ndinaona maso awo atalenga misozi pamwamba pa masiki.

"Ngati iwe," anatero. Anapisa dzanja m'chikwama chomwe chinali paphewa panga n'kutulutsa botolo la madzi losatsegula. "Kamupatse. Ukaike pansi, usamukhudze, ubwere msanga."

Ndinayenda masitepe asanu aja nsapato zikundiluma. Pachingwe ndinagwada, monga timachitira popereka chinthu kwa munthu woferedwa, n'kuika botolo pa kapinga. Ndinali pafupi moti ndinkaona kuti masiki ake anyowa mpaka kumamatira pamilomo. Ndinaona ndi kachipsera ka pamwamba pa nsidze, komwe anakapeza atagwa panjinga woyendetsa ndili ine. Tsopano ndinali pansi. Chinatsala n'kungodutsa chingwe, kutembenuka, n'kutambasula miyendo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu, ndipo mpaka pano sindidziwa kuti ndikanati chiyani, chifukwa mlonda ndiye anayamba.

"Ba sisi, imwe ndimwe ba ku Malawi, ai? Uyu ni wa kwanu. Mufunseni ngati ali na bululu, m'bale aliyense, kuno, timutumile foni abwele amutenge. Sangayende yeka so."

Mng'ono wanga anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana madamu ataima potero ndi mwana m'manja. Poyankha anatembenukira kwa mlondayo.

"Ndilibe, achimwene. Kuno ndili ndekha." Anatola botolo lija ndi manja awiri n'kundiweramira pang'ono. "Zikomo mayi. Mukawathokoze abwana anu."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zimenezo pofuna kunditeteza kapena pofuna kundibwezera. Madamu anaitana, ndipo ndinadzuka. Sindinacheuke, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikacheuka sindifika pagalimoto. Titafika anandithira sanitaiza m'manja mpaka m'zigongono, n'kundiuza kuti ndili ndi mtima wabwino.

Pobwerera misewu inali yodzaza ndipo tinkayenda pang'onopang'ono. Mwanayo, yemwe ankatola mawu athu ngati nkhuku, anali atagwira kale nyimbo yatsopano. Ankagwedeza miyendo pampando wake akuimba kuti mayi wanga ine, mayi wanga ine, akuseka, akundikoka mkono kuti ndimuvomereze. Madamu anafunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani, ndipo ndinawauza. Anati n'zokoma kumva. Titafika kunyumba ndinavula yunifolomu n'kuiwiritsa, ndinasambitsa mwana, ndinapereka mankhwala kwa agogo ake, ndipo geti inatsekedwa monga mwa masiku onse. Ndisanayambe kusenda mbatata ndinalemba uthenga wofunsa ngati wafika bwino. Anayankha ndi liwu limodzi, kuti ndafika.

Ofu yanga inabwerera patapita miyezi inayi, aliyense m'nyumbamo atabayitsa katemera kawiri. M'miyezi imeneyo tinkalemberanabe, kuti wadya kodi, kuti kwatentha, kuti amalume akuti chimanga chachita bwino. Za kumunda kuja palibe yemwe anazitchula. Ine ndinkadziuza kuti tikadzangokhala pansi zonse zidzatulukira limodzi ndi misozi, zamaliro ndi zinazo, ndipo sipadzafunika kupepesa ndi pakamwa.

Tinapangana kukumana ku Karama, m'chipinda cha mayi wina wa kutchalitchi yemwe anatibwereka kiyi, anzake okhala nawo onse atapita kuntchito. Ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, n'kukhala pansi pakati pa mabedi osanjikizana, miyendo nditatambasula. Misozi inali itayamba kale pomwe ndinamva mapazi ake pamasitepe. Anatsegula chitseko, anandiona pansipo, n'kuima kaye dzanja lili pa chogwirira.

"Muli bwanji achemwali?" anatero.

Ndinadikira pang'ono, ndikuyesa mwina waiwala, mwina agwada. Anakhala pabedi, nsapato zili kuphazi, n'kuika jumbo la malalanje pambali pake.

"Ndili bwino," ndinayankha. "Kaya iwe?"